Kusandutsa nazale yosiyidwa kukhala munda wogwirizana ndi cilengedwe: zofunika kudziwa ku Kafue

KAFUE – Malo amene kale anali nazale ya mitengo kapena maluwa koma anasiyidwa amakopa kwambiri munthu wofuna kuyamba ulimi pafupi ndi tauni. Nthawi zambiri pamakhala mpanda, thanki kapena citsime, mizati imene inali kugwira neti ya mthunzi, ndiponso mseu wofika galimoto. Munthu akaona zimenezi amayesa kuti catsala ndi kubzala basi. Koma nthaka yaconde, imene mlimi amaifuna kuposa zonsezi, imakhala itapita kale, cifukwa mbande iliyonse imene inagulitsidwa inacoka ndi dothi lake m'kathumba ka pulasitiki.

Nazale zimayambitsidwa ndi makhonsolo, masukulu, mipingo, mabungwe ndi anthu wamba. Zina zimaima thandizo la ndalama likatha, pampu ikaonongeka, kapena woziyang'anira akasamuka. Wolowa pamalo otere amayamba ndi nchito zitatu, zimene ndi kudziwa mwini malo, kupima nthaka ndi kupeza madzi odalirika, ndipo kubzala kumabwera pambuyo pake.

Tauni ya mafakitale m'mbali mwa mtsinje

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje umene inatengerako dzina. Inayamba monga siteshoni ya sitima, ndipo ulalo wa njanji woolokera mtsinjewu unamalizidwa m'caka ca 1906. Dziko litalandira ufulu, boma linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale. Kampani ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza kumeneku mu 1970, ndipo kunalinso fakitale yaikulu ya nsalu ya Kafue Textiles. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitalewa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mafakitale a boma anafooka, ndipo fakitale ya nsalu inaima m'zaka za m'ma 2000. Mabanja ambiri a ku Zambia Compound, Shikoswe ndi madera ena anayamba kudalira malonda ang'onoang'ono, usodzi ndi madimba. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 200,000 m'boma la Kafue, ndipo onsewo amafuna ndiwo tsiku ndi tsiku.

Derali limalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa caka, kuyambira Novembala kufikira Marichi. Kufupi ndi mtsinje kuli dothi lakuda la makande, limene limasunga madzi m'dzinja ndi kung'ambika m'cilimwe, pamene kumtunda ca kumapiri dothi ndi lopepuka ndipo lili ndi miyala. Cilala ca 2023/2024 cinaonetsa kuopsa kodalira mvula ndi cimanga cokha. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, pamene mahekitala pafupifupi wani miliyoni a cimanga anali ataonongeka mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa.

Tanthauzo la ulimi umenewu

Ulimi wogwirizana ndi cilengedwe ndi kalimidwe kamene mlimi amakonza munda kuti mbali zake zizidyetsana. Masamba a mitengo ndi ndowe za ziweto zimadyetsa nthaka, nthaka imadyetsa mbeu, ndipo zotsala za mbeu zimadyetsa ziweto. Colinga ndi kucepetsa zogula kusitolo, monga feteleza ndi mankhwala, ndi kuculukitsa mitundu ya zinthu zokolola. Mu 2018 bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, la FAO, linafalitsa mfundo khumi za ulimiwu. Zina mwa izo ndi kulima mbeu zosiyanasiyana, kubwezera m'munda zimene zacokamo, ndi kuphatikiza nzeru za alimi ndi za akatswiri.

Muno m'Zambia citsanzo codziwika bwino ndi sukulu ya alimi ya Kasisi Agricultural Training Centre m'boma la Chongwe, imene inayambitsidwa ndi a Jesuit mu 1974. M'bale Paul Desmarais wocokera ku Canada, amene anaitsogolera zaka zambiri, poyamba anali kuphunzitsa ulimi wa feteleza ndi mankhwala. Ataona kuti alimi ambiri anali kulephera kubweza ngongole za zipangizozo, ca m'ma 1990 sukuluyi inasintha n'kuyamba kuphunzitsa ulimi wa manyowa, kasinthasintha wa mbeu ndi mitengo ya m'munda. Kusinthaku kunabwera cifukwa ca ngongole za alimi, ndipo ndico cifukwa cake phunziro la ku Kasisi limakhudza munthu woyamba ndi ndalama zocepa.

Kunja kwa dziko lino, anthu a ku Cuba anasandutsa malo osiyidwa a m'matauni kukhala madimba pamene feteleza ndi mafuta zinasowa dziko la Soviet Union litagwa mu 1991. Dimba la Vivero Alamar mumzinda wa Havana linayamba mu 1997 ndi anthu owerengeka pa kamalo kakang'ono, ndipo linakula kupitirira mahekitala khumi. Mau akuti vivero m'Cisipanishi amatanthauza nazale.

Malo osiyidwa ali ndi mwini

Udzu ukatalika ndipo geti itagwa, sizitanthauza kuti malowo alibe mwini. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu. Malo a boma amaperekedwa pa lizi yofika zaka 99 kudzera mwa Commissioner of Lands, ndipo makhonsolo ndiwo amathandiza kusankha olandira. Malo a mafumu amafuna cilolezo ca mfumu. Conco wofuna kulowa pa nazale yakale ayenera kuyamba wafufuza ku khonsolo ya Kafue ndi ku unduna wa za malo kuti adziwe dzina limene lili pa mapepala, ndiponso ngati pali ngongole za misonkho, madzi kapena magetsi.

Ngati malowo ndi obwereka, pangano likhale lolembedwa, ndipo linene zaka zake. Kubwezeretsa nthaka kumatenga nyengo zingapo, ndipo mitengo ya zipatso yolumikiza imayamba kubala bwino patapita zaka zitatu kapena zinai. Wobwereka kwa caka cimodzi amakonzera wina munda. Panganolo linenenso mwini wa mitengo, mapaipi ndi makola pamene nthawi yatha. M'kati mwa tauni, kusintha nchito ya malo kumatsata lamulo la mapulani a matauni la 2015, ndipo kuweta nkhuku, nkhumba kapena mbuzi kuli ndi malamulo ake a khonsolo.

Zimene nazale imasiya m'nthaka

Pa nazale mbande sizimera m'nthaka ya pamalopo. Zimakulira m'timatumba tondandalikidwa pa malo osalazidwa, amene nthawi zina amathiridwa mcenga, miyala ing'onoing'ono kapena kuyalidwa pulasitiki. Dothi lapamwamba limakumbidwa kuti adzazire timatumbato, ndipo pamatsala dothi lapansi louma gwa, lopondedwa ndi anthu ndi mawilibala kwa zaka zambiri. Mvula ikagwa madzi amangoyenda pamwamba.

Cinthu caciwiri ndi pulasitiki. Timatumba ndi maneti zimaphwanyika ndi dzuwa n'kusakanizika ndi dothi. Zimenezi zimafunika kutoledwa ndi manja khasu lisanalowe, cifukwa zikalimiridwa sizicokanso mosavuta. Kuziwocha kumatulutsa utsi woipa ndipo kumasiya phulusa losayenera m'munda.

Cacitatu ndi mankhwala. Nazale za maluwa zimapopera kawirikawiri, ndipo m'kanyumba kosungiramo katundu mumapezeka mabotolo akale, ena opanda cizindikiro. Mankhwala otere sathiridwa m'dzenje kapena mu ngalande. Malangizo a katayidwe kake amapezeka ku bungwe loona za cilengedwe la ZEMA ndi kwa alangizi a zaulimi. Pamalo pamene anali kusakanizira mankhwala pasabzalidwe cakudya kufikira dothi litapimidwa.

Cacinai ndi matenda ndi zomera zolanda malo. Tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timatupitsa mizu ya tomato, delele ndi impwa, timafala kwambiri kudzera m'dothi la m'nazale. Mlimi angathe kudziwa ngati tilipo pobzala tomato woyesera m'malo angapo ndi kuzula patapita milungu isanu ndi umodzi kuti aone mizu. Mbande zosagulidwa nazo zimaboola timatumba n'kukula pomwepo. Bulugamu amamwa madzi ambiri, ndipo Lantana amafalikira msanga ndi kudwalitsa ng'ombe zikadya masamba ake. Komabe si mtengo ulionse woyenera kudulidwa. Mango, malalanje, mapeyala ndi magwafa okula kale ndi cuma, ndipo mango wamba angathe kudulidwa nthambi n'kulumikizidwa ndi mtundu wabwino.

Dothi limapimidwa ku Mount Makulu m'boma la Chilanga, pakati pa Kafue ndi Lusaka, kumene kuli likulu la bungwe la kafukufuku wa zaulimi la ZARI, ndiponso ku sukulu ya zaulimi ya pa University of Zambia. Mlimi amatenga dothi m'malo khumi kapena kuposerapo, kuya kwa masentimita 20, n'kulisakaniza. Dothi la pamalo okayikitsa limatumizidwa palokha. Zotsatira zimaonetsa kuculuka kwa asidi, comwe cimauza ngati pakufunika laimu, ndiponso cakudya ca mbeu cimene cikusowa.

Kubwezeretsa conde

Nyengo yoyamba ndi ya nthaka. Malo olimba amagaulidwa kamodzi mozama kuti mizu ndi madzi zilowe, kenaka sagaulidwanso caka ndi caka. Pa dothi la makande mabedi amakwezedwa kuti madzi asadikhe, pamene pa dothi lopepuka mabedi olowa pansi amasunga cinyezi.

Manyowa a kompositi ndiwo maziko. Mulu umamangidwa pamthunzi mosanjikiza mapesi kapena udzu wouma, masamba aawisi, ndowe, phulusa pang'ono ndi dothi, ndipo muyalo ulionse umawazidwa madzi. Ndodo yozikidwa pakati imauza mlimi mmene zinthu zilili: ikatuluka yotentha ndi yonyowa ndiye kuti mulu ukupsa bwino. Kutenthako kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo ta matenda. Mulu ukamatembenuzidwa pa milungu iwiri kapena itatu iliyonse, manyowa amapsa m'miyezi iwiri kapena itatu. Zitosi za nkhuku, ndowe za ng'ombe ndi zotsala za ndiwo za pamsika ndi zimene zimapezeka mosavuta pafupi ndi tauni.

Ena amafunsa za namasupuni, udzu woyandama umene unatseka mbali zina za mtsinje wa Kafue m'zaka za m'ma 1990, kufikira anthu anaucha kuti udzu wa Kafue. Udzuwu umawola bwino, koma umayamwa zitsulo zoopsa ndi zoipa zina za m'madzi. Wotengedwa kufupi ndi ngalande za mafakitale kapena za zimbudzi si woyenera m'dimba la ndiwo.

Njira yaciwiri ndi mbeu za m'gulu la nyemba, monga kalongonda, nandolo, khobwe ndi nshawa. M'mizu yake mumakhala tizamoyo timene timatenga nayitirojeni mu mpweya n'kumusandutsa cakudya ca mbeu. Nayitirojeni ameneyu ndi yemweyo amene dzina la fakitale ya feteleza ya m'tauniyi limachula. Kalongonda amaphimba nthaka yonse ndi kupondereza udzu, ndipo mizu ya nandolo imaboola dothi lolimba. Nyemba sizipanga fosifolasi, conco ngati kupima kwaonetsa kuti akusowa, amafunika kubwera ndi manyowa a ziweto kapena feteleza woyeza bwino.

Pa mbali ya cimanga, njira ya maenje imene bungwe la Conservation Farming Unit linafalitsa kuyambira m'ma 1990 imathandiza kuika manyowa ocepa pamalo oyenera. Dzenje limakhala la masentimita pafupifupi 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya, pa mpata wa masentimita 70 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Pa lima imodzi, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, pamakhala maenje pafupifupi 4,000. Amakumbidwa m'cilimwe ndipo amagwiritsidwa nchito caka ndi caka.

Madzi

Kukhala pafupi ndi mtsinje waukulu sikupatsa munthu ufulu wopopa madzi mmene afunira. Lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, limene limapereka zilolezo kwa otenga madzi a mumtsinje pa nchito ya malonda, ndipo kuyambira 2018 zitsime zoboola ndi makina zimafunika kulembetsedwa. Madzi a pampopi ocokera ku kampani ya madzi ndi okwera mtengo pa ulimi wothirira.

Citsime cakale ca pa nazale ciyesedwe mu Okutobala, pamene madzi amakhala atatsika kwambiri, cifukwa kukula kwa dimba kumadalira madzi a mwezi umenewo. Ubwino wa madzi nao upimidwe. Mu Febuluwale 2025 damu la zotsala za mgodi linagumuka ku Chambishi m'cigawo ca Copperbelt, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi umene umathira mu Kafue. Ngoziyo inacitikira kutali kumtunda, koma inakumbutsa alimi a m'mbali mwa mtsinjewu kuti madzi ao amadutsa m'madera ambiri asanawafike.

M'caka ca 2024 magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku cifukwa ca kucepa kwa madzi m'madamu, ndipo mapampu ambiri anaima. Pampu yoyendera dzuwa, thanki yokwezedwa ndi mapaipi odontheza madzi pa tsinde la mbeu zimacepetsa vutoli. Njira yosafuna ndalama ndiyo kuphimbira mabedi ndi udzu wouma, kumene kumacedwetsa kuuma kwa nthaka.

Mbali ina ikhalebe nazale

Colakwa cimene cingacitike mosavuta ndi kugumula zonse. Kagawo kamodzi ka mthunzi kamayenera kukonzedwa kuti kakhalebe nazale, cifukwa munda wotere umafuna mbande caka conse, za ndiwo ndi za mitengo yomwe.

Mtengo wa msangu umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, motero sucinga dzuwa ku mbeu, ndipo masamba ake amaonjezera conde. Alangizi amalimbikitsa mitengo 100 pa hekitala, pa mpata wa mamita 10. Njere zake zimafunika kukandidwa khungu kuti zimere, ndipo mbande zimaikidwa pa thandala lokwezedwa kuti muzu waukulu usalowe pansi. Phindu la msangu limaoneka patapita zaka zingapo. Mitengo yofulumira ndi gilisidiya, jerejere ndi ombwe, imene akatswiri a bungwe la ICRAF anayamba kuiyesa ku Msekera pafupi ndi Chipata kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Bungwe la COMACO lafalitsa kwambiri gilisidiya pakati pa alimi a kum'mawa. Pa malo aang'ono mitengoyi imabzalidwa m'malire, n'kumadulidwa kuti masamba apite m'mabedi ndipo nthambi zikhale nkhuni.

Mbande ndi malonda pazokha. Nyengo yobzala mitengo m'Zambia imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Januwale, ndipo masukulu, mipingo ndi makampani amafuna mbande pa nthawiyi. Ndalama za mbande zingathandize banja pamene mabedi asanayambe kubala mokwanira. Kuti mbiri isabwerezeke, dothi lodzazira timatumba lizisakanizidwa ndi kompositi ndi mcenga, osakumbanso dothi lapamwamba la m'munda.

Mbeu ndi tizilombo

Ndiwo zamakolo monga bondwe, cibwabwa, kalembula ndi impwa sizifuna mankhwala ambiri poyerekeza ndi kabichi ndi tomato, ndipo mbeu yake mlimi angathe kusunga yekha. Cimanga camakolo monga gankata naco cimasungika caka ndi caka. Wofuna kugulitsa mbeu monga malonda ayenera kutsata malamulo a bungwe loona za mbeu la SCCI, limene lilinso ku Mount Makulu.

Mu 2016 m'dziko muno munafika adani awiri atsopano, mbozi ya nchemberezandonda yoononga cimanga ndi kagulugufe ka Tuta absoluta koononga tomato. Palibe njira imodzi yothetseratu tizilomboti. Cothandiza ndi kuyendera munda kawiri pa mlungu, kuphwanya mazira ndi mbozi zikali zazing'ono, kusinthasintha mbeu, ndi kusiya maluwa okopa mavu ndi tizilombo tina todya mbozi. Pamene papezeka tinyongolotsi ta m'mizu, cimanga, mapira ndi maluwa a marigold zimatsitsa ciwerengero cake, monganso kuphimba bedi lonyowa ndi pulasitiki yoonekera kwa milungu inai kufikira isanu ndi umodzi m'nyengo yotentha. Madzi a masamba a ombwe ndi nimu amapha tizilombo, koma ombwe ndi poizoni kwa nsomba, conco asafike mu ngalande zopita ku mtsinje.

Msika ndi zovuta zake

Kafue ili pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo msika wa Soweto ku Lusaka suli kutali. Koma pa misika ikuluikulu tomato wa manyowa amagulidwa pa mtengo umodzi ndi wa feteleza. Mlimi wamng'ono amapindula kwambiri akamagulitsa pageti, m'makomboni, m'malesitilanti ndi kwa mabanja ogula mlungu ulionse. Satifiketi ya ulimi wopanda mankhwala imafuna ndalama, ndipo kawirikawiri malo amadikira zaka ziwiri kapena zitatu asanavomerezedwe.

Ulimiwu umafuna anthu ogwira nchito. Kututa ndowe, kutembenuza kompositi ndi kupalira ndi nchito yolemetsa, ndipo zokolola za nyengo zoyamba zimakhala zocepa. Walira mvula walira matope. Dziko la Sri Lanka linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza mu Epulo 2021, zokolola za mpunga ndi tiyi zinatsika, ndipo ciletsoco cinacotsedwa caka cisanathe. Pa munda waung'ono phunziro lake ndi lakuti zogula kusitolo zimacepetsedwa pang'onopang'ono, molingana ndi mmene nthaka ikubwerera.

Kwa woyamba ku Kafue, miyezi ya Meyi kufikira Okutobala ndi ya mapepala, kutola pulasitiki, kupima dothi ndi madzi, ndi kumanga milu ya kompositi. Mvula yoyamba ya Novembala ndi ya kalongonda, nandolo ndi khobwe. Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya mitengo, ndipo ndiwo zogulitsa zimayamba m'mabedi owerengeka mu Epulo, mvula ikamatha. Malangizo ena amapezeka ku ofesi ya zaulimi ya boma la Kafue ndi kwa mlangizi wa dera limene kuli malowo.